Manja a Kalipentala

Chingwe anafa chafufumimba pakati pa mabeseni a zovala zonyowa, tsaya lili m'madzi a sopo. Dzina lake lenileni linalipo, koma pachipatala cha odwala maganizo chimenechi panalibe amene ankalitchula. Odwala, anamwino, ngakhale mlonda wa pageti, onse ankangoti Chingwe, ndipo mwiniwake ankavomera monyadira. Ntchito yake inali yothandiza anamwino kusamalira odwala m'wodi ya amuna.

Sajeni wa polisi anafika dzuwa litapendeka pang'ono. Anali mayi wamfupi, wojintcha, wosakonda kufunsa funso kawiri. Anaima kaye pakhomo pa chipinda chochapiramo zovalacho, manja ali kumbuyo, maso okha akuyenda. Simbi yamakala inali gone pafupi ndi mutu wa malemuyo, chivindikiro chili yasa, makala ozima ali mbwee pasimenti. Nkhongo inali yophwanyika. Lamba wa buluku lake anali womasula. Kiyi anali kuchitseko, koma mbali yamkati.

"Musadzivutitse, a Sajeni," anatero mawu okoma kumbuyo kwake. "Wakupha tamugwira kale."

Anali Matroni, mkulu wa anamwino, mayi wamtali wa yunifolomu yoyera mbee, mulu wa makiyi ukulendewera m'chiuno.

"Ndani?"

"Wodwala wathu, timangoti Kalipentala. Chimunthu champhamvu, cholusa. Tsiku lina anamuuza mnyamata wathuyu pamaso pa wodi yonse kuti ndidzakuswa mutu. Lero wakwaniritsa."

"M'mawawu anali kuti?"

"Amangoyendayenda monga anzake onse. Pano si ndende, a Sajeni. Odwala athu ndi omasuka."

Sajeni anayang'ananso kiyi uja. Munthu amene wakulonjeza kuti adzakuswa mutu, ungalowe naye m'chipinda, n'kukiya chitseko, n'kumasula lamba, n'kumufulatira? Anauza anzake a yunifolomu kuti anyamule mtembo ndi simbiyo, kenako anatembenukira kwa Matroni.

"Ndikufuna ndimuone."

"Tamubaya jakisoni wogonetsa. Ndipo ngakhale atadzuka, mawu a munthu wotero mungapite nawo kuti?"

"Tsogolani."

* * *

Chipindacho chinali kumapeto kwenikweni kwa wodi, chokhala ndi kazenera kamodzi m'mwamba. Fungo la mankhwala okolopera linamulasa Sajeni m'mphuno chitseko chisanatseguke n'komwe. Pansi panali pakadali chinyezi. Pabedi lachitsulo panali matiresi atsopano ndi nsalu yoyera imene mizere yopindira inali isanafafanizike. M'wodi yonse imene anadutsamo munalibe bedi looneka bwino chotero.

Kalipentala anagona chagada. Anali mwamuna wa mapewa otambalala, ndevu zosameta, milomo yong'ambikang'ambika. Kunja kunkatentha koopsa, koma iye anali atavekedwa malaya a manja aatali, mabatani otseka mpaka m'mikono.

"Madzi," ananong'ona, maso osatsegula bwino.

Sajeni anatenga kapu yapulasitiki imene inali pawindo, anamudzutsa pomugwira paphewa, n'kumuikira kapuyo m'dzanja. Zala sizinapindike. Kapu inatsetsereka n'kugwa, madzi n'kumwazika. Anayesa dzanja linalo. Chimodzimodzi. Zalazo zinali zotupa ngati zolumidwa ndi njuchi, zozizira, zosamva kanthu.

Anamasula batani limodzi n'kukwinya malaya.

Mkono unali ndi chilonda chozungulira ngati chibangili, chofiira, m'mbali mwake mukutuluka mafinya. Winawo unali choncho. M'akakolo munali choncho. Sajeni anawerama n'kuyang'ana zitsulo za bedi. M'ngodya zonse zinayi penti anali atasupuka, chitsulo chikuwala chifukwa chokhulika.

"Amadzikanda yekha," anatero Matroni ali pakhomo. "Matendawa amatero."

"Amadzikanda mozungulira? Ndi zala zomwe zikulephera kapuzi?"

Matroni anangogwedeza makiyi ake.

Sajeni anatola kapu ija, anakaitunga madzi pampopi wa m'khonde, n'kudzamumwetsa yekha munthuyo pang'onopang'ono. Anali ndi mchimwene wake amene nayenso mutu unamusokonekerapo, anagonako m'chipatala chonga chomwechi, ndipo lero ankakonza magalimoto n'kumalera ana ake bwinobwino. Pamene madzi ankatsika pakhosi pa Kalipentala, Sajeni ankaona nkhope ya mchimwene wakeyo. 

Simbi ija iye mwini anali ataiyesa kulemera kwake. Manja awa sakanainyamula lero, ngakhale dzulo.

* * *

Panja, pansi pa mtengo waukulu wa pabwalo, panakhala bambo wachikulire, malaya atapisira bwino m'buluku, nsapato zopanda zingwe koma zopukuta. Odwala anzake ankamutchula kuti Aphunzitsi. Ataona Sajeni akuyang'anayang'ana, anamukodola.

"Mukufuna wamisala woti mumufunse? Khalani apa, mayi. Sitiluma masana."

Sajeni anakhala pabenchipo. "Mumamudziwa Kalipentala?"

"Funso lanu likonzeni. Mufunse kuti, kodi Kalipentala anali kuti pamene Chingwe amafa? Mukatero ndikuyankhani kuti anali pamene wakhala ali chiyambire sabata yatha: pabedi lopanda matiresi, wamaliseche, womangidwa manja ndi miyendo ngati mbuzi yopita kumsika."

"Munaona ndi maso anu?"

"Matenda anga ndi a chisoni, mayi, si a khungu. Ndine ndinkamupatsira madzi pansi pa chitseko, pambale, koma nanga akanawafikira bwanji? Ndinkangomva akulira."

"Analakwa chiyani?"

"Anafunsa funso. Anamubweretsera jakisoni, iye n'kunena kuti, uyu ndi wa chiyani, popeza wadzulo uja anandiumitsa khosi? Basi. Mwachiona chikwangwani chili polowera paja? Palembedwa bwino, zilembo zikuluzikulu, kuti wodwala ali ndi ufulu wouzidwa za mankhwala ake, ufulu woonana ndi abale ake, ufulu wodandaula. Kalipentala anachiloza. Chingwe anaseka, akuti ufulu wako unausiya pageti pamodzi ndi lamba. Anamugwetsa pansi, bondo pakhosi. M'pamene mnyamatayo anakuwa zoswa mutu zija. Inenso ndikanakuwa, kungoti mphamvu zinatha."

"Adokotala anavomereza zomumangazo?"

"Adokotala amabwera mwa apo ndi apo, ndipo amayenda kumene a Matroni awatsogolera. Chipinda chakumapeto amauzidwa kuti n'chosungiramo matsache."

"Nanga anamumasula ndani?"

Aphunzitsi anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu.

"Apa ndiye mumvetsere, chifukwa sindibwereza. Namwino wina wamng'ono atapeza mtembo anakuwa. Aliyense anathamangira kochapira. A Matroni okha anathamangira kwina. Anatenga sizasi, molunjika kuchipinda chakumapeto. Potuluka anali ndi zingwe m'ndowa, ataphimba ndi chikolopa."

"Mungakanene zimenezi kukhothi?"

"Ine ndinganene. Funso n'lakuti, kodi inu mungandimvere? Pano tikati mutu ukupweteka amati ndi misala. Tikati tamenyedwa amati ndi misala."

"Ndakhala pano, si choncho? Ndani analowa kochapira ndi Chingwe?"

"Maso anga sakhota ngodya. Kafunseni mlonda. Koma fulumirani, asanameze zimene amuuza kuti ameze."

* * *

Mlonda anali m'kanyumba kake ka pageti, chipewa chili m'manja, akuchipotokola ngati akuchifinya madzi.

"Ine, bwana, ndimangotsegula n'kutseka. Zam'katimo sindizidziwa. Ndili ndi ana, bwana."

"Lero kunabwera alendo?"

"Ambiri, bwana. Lero n'loona odwala. Ena ndi mabasiketi, ena ndi mafulasiki, ine kuwerenga nkhope ayi."

"Kalipentala amabwera kudzamuona ndani?"

Chipewa chinasiya kuzungulira.

"Akazi awo. Mayi aulemu kwambiri, bwana. Salumpha tsiku. Koma masiku ano ndinauzidwa kuti ndiziwabweza, ndizinena kuti abambo akupuma. Amakhala pamwala apo mpaka nthawi kutha, chakudya n'kuzizira, n'kubwerera nacho. Nthawi zina amandisiyira ine. Chimandikanika pakhosi, bwana, koma njala."

"Lero munawabweza?"

"Lero... lero a Chingwe anabwera okha pageti. Akuti awa asiye, ndi alendo anga. Ine ndinati zikomo, mwina mitima yafewa. Koma sanalowere kuwodi. Anazungulira kuseri."

"Kochapira."

"Ine sindinatchule, bwana, mwatchula ndinu."

"Anatuluka bwanji?"

"Okha. Osathamanga ayi, kuyenda bwinobwino ngati akuchokera kutchalitchi. Siketi yonyowa mbali imodzi, bulauzi yong'ambika apa paphewa. Anandiyang'ana n'kunena kuti, tsalani bwino achimwene, simudzandibwezanso." Mlonda anatsitsa mawu. "Amakhala kuseri kwa msika wa matabwa. Mukafunsa pa shedi ya Kalipentala aliyense akulozerani. Koma bwana, dzina langa lisamveke."

* * *

Shediyo inali yamalata, yotsamira khoma la nyumba. Munali chitseko chopala mbali imodzi, mipando iwiri yopanda misana, ndi macheka amene anali atayamba dzimbiri. Pabenchi yopalirapo matabwa panakhala mayi wochepa thupi, atasamba, atavala diresi yoyera bwino, kachikwama kali pamiyendo.

"Mwachedwa," anatero Sajeni asanapereke n'komwe moni. "Ana ndawapititsa kwa akulu anga. Tiyeni."

"Mukudziwa chimene ndabwerera?"

"Wafa?"

"Wafa."

Mayiyo anatseka maso, n'kutulutsa mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Misozi sinatuluke.

Sajeni anakoka mpando umodzi wopanda msana uja n'kukhala moyang'anana naye. "Ndiuzeni kuyambira pachiyambi."

"Bambo a kunyumba kuno sanamenyepo munthu. Anangosiya kugona. Amati akumva anthu akuwaitana m'matabwamu, amalira ngati mwana, amaopa kutuluka. Ndine ndinawanyengerera. Ndinati tiyeni bambo, kumeneko kuli anthu ophunzira, akakuthandizani. Anandigwira dzanja pageti paja, akuti usandisiye nthawi yaitali. Ndinawapereka ndekha, mayi. Ndi manja angawa."

Anayang'ana manja akewo kwa kanthawi.

"Atayamba kundibweza ndinadziwa kuti pali chinthu. Tsiku lina mlonda atatanganidwa ndinazemba, ndinazungulira kuseri, ndinakwera pandowa n'kusuzumira pakazenera. Ndinaona mwamuna wanga ali mbulanda pazitsulo, atagonera zonyansa zake zomwe, ntchentche zili ng'waa pamilomo. Anandiona. Mukudziwa chimene anachita? Anatembenuzira nkhope kukhoma. Manyazi. Munthu womangidwa ngati galu, n'kumachitanso manyazi ndi mkazi wake."

"Munakadandaula?"

"Kwa a Matroni. Ndinagwada muofesi mwawo. Akuti amenewo ndiwo mankhwala ake, ngati mukudziwa kuposa ife bwanji simunamuchize kwanu. Ndikutuluka ndinakumana ndi Chingwe pakhonde. Akuti, mlamu, musalire. Womanga ndine, womasulanso ndine. Mubwere nokha tsiku loona odwala, tidzakambirane kochapira. Amanena akundiyang'ana kuyambira kumapazi."

"Ndiye munapita."

"Ndinapita ndikudziwa chimene akufuna. Ndinkati mwina ndikamugwira miyendo amva chisoni. Anakiya chitseko. Anandikankhira pakhoma, bulauzi n'kung'ambika. Ndinamufunsa kuti, mukatero mukawamasula lero? Anaseka. Akuti tiona mmene mundisangalatsire, mukapanda kutero agona pomwepo mpaka zala zidzagwe. Anatembenuka kuti ayale nsalu pansi. Simbi inali patebulo."

Anakweza maso. Munalibe mantha m'menemo, munalibenso chisoni.

"Koyamba ndinamenyera thupi langa. Anagwa. Ndikanatha kutsegula chitseko n'kuthawa. Koma ndinakumbukira nkhope ija ikutembenukira kukhoma, ndiye ndinamenyanso. Musalembe kuti dzanja linaterereka. Akanadzuka ndikanabwereza."

"Mawu amenewo muwasunge," anatero Sajeni mwakachetechete. "Mukayambe mwaonana ndi loya. Bulauzi ija ili kuti?"

"M'chikwamamu."

"Musaichape."

Mayiyo anaimirira. "Chimodzi chokha ndikupempha. Popeza womanga uja kulibe, wina akawamasule bambowo."

"Anawamasula kale. Anawasambitsa, anawaveka malaya, anawagoneka pamatiresi atsopano." Sajeni anamuyang'ana m'maso. "A Matroni andiuza kuti amene wapha Chingwe ndi amuna anu."

Kachikwama kanagwa pansi.

"Ati chiyani?"

"Akuti ankayendayenda momasuka m'mawa wonse, ndipo anakwaniritsa zimene analonjeza."

"Koma a Matroniwo anandiona!" Mawu a mayiyo anasweka koyamba. "Ndikutsegula chitseko chija anali ataima pakhonde la ofesi yawo, kapu ya tiyi m'manja. Tinayang'anana maso ndi maso. Anaona bulauzi, anaona magazi m'manja mwangamu. Ndinaima kudikira kuti akuwe. Sanakuwe. Analowa muofesi n'kutseka chitseko."

M'mutu mwa Sajeni zidutswa zonse zinagwera m'malo mwake. Mkazi wamutu wabwino akaimirira m'khothi amafotokoza chifukwa chake. Amatchula kazenera, zingwe, ntchentche, ndi ofesi imene anagwadamo. Koma munthu amene alembedwa kuti ndi wamisala wakupha safunsidwa kanthu. Amangomutsekera kwinakwake mpaka imfa, ndipo chilichonse chimene anganene amati ndi matenda. Matroni sanalakwitse poloza. Anachita kusankha.

"Tolani chikwama chanu," anatero Sajeni.

* * *

Galimoto inafika pamphambano. Njira ya kupolisi inali kumanzere. Sajeni anakhotera kumanja.

"Tikupita kuti?" anafunsa mayiyo.

"Kupolisi mupita, musakayike, ndipo mlandu wanu ndi waukulu. Sindikunamizani. Koma simupita nokha."

Mlonda ataona amene anakhala kutsogolo kwa galimotoyo anatsegula geti lonse osafunsa kanthu. Odwala anali pabwalo kudikira mankhwala amadzulo. Anaima m'mizere yawo, maso ali pa amayi awiriwo pamene ankakwera masitepe a ofesi.

Matroni anali pafoni, akuseka mwaulemu ndi munthu wina wamkulu. Ataona mkazi wa Kalipentala kuseka kunauma. Anaika foni pansi pang'onopang'ono.

"Mayi awa sindikuwadziwa," anatero.

"Simunafunsidwe," anayankha Sajeni. "Munandiuza kuti Kalipentala anali womasuka m'mawa wonse. Mukubwerezanso mawu amenewo?"

"A Sajeni, tiyeni tikambirane ngati anthu ogwira ntchito. Inu simudziwa mmene zimakhalira kuno. Anamwino ndi ochepa, odwala ndi ambiri, mankhwala amatha. Mukanakhala inu mukanatani?"

"Ndikanamuuza dzina la jakisoni. Bweretsani makiyiwo."

"Mulibe mboni. Mukatenga mawu a wakupha ndi a anthu amisala?"

Sajeni anakankha chitseko cha ofesi mpaka chinagunda khoma. Pakhonde panali pataima Aphunzitsi. Kumbuyo kwawo kunali mnyamata wa chipsera pachipumi, bambo wina wonjenjemera manja, ndi ena ambiri mpaka kumasitepe. Panalibe amene anawaitana. Mmodzi ndi mmodzi anayamba kukwinya malaya, kuonetsa mikono. Ena zipsera zinali zakale, zakuda. Ena zinali zisanapole. Kumapeto kwa mzerewo kunali namwino wamng'ono uja anapeza mtembo, akulira mosatulutsa mawu, ndowa yophimba ndi chikolopa ili m'manja.

"Onsewa ndiwamva," anatero Sajeni. "Mmodzimmodzi, aliyense ndi nthawi yake, ngakhale zitenge mwezi. Kenako akawamva adokotala ochokera kwina, kenako woweruza. Inu mudzakhala pabenchi n'kumamvetsera, ndipo palibe amene mudzamubaye jakisoni kuti akhale chete."

Anamasula yekha makiyi m'chiuno mwa Matroni. Anasankhapo wa chipinda chakumapeto n'kumupatsa namwino wamng'onoyo.

"Pitani nawo mayiwa akaone amuna awo. Chitseko chikhale chotsegula. Mukatero muitane ambulansi, manja aja akufunika dokotala lero lomwe."

Mkazi wa Kalipentala anayenda masitepe awiri, n'kubwerera. Anafika pafupi ndi Matroni mpaka mpweya wawo unakumana. Sajeni anakonzeka kumugwira, koma mayiyo manja anali atawapinda kumbuyo.

"Uja ndinamupatsa imfa yachangu," anatero motsitsa mawu. "Ndinalakwitsa. Inu ndikufuna mukhale ndi moyo wautali, mayi. Tikakhala limodzi kumene tikupitako, ndipo m'mawa uliwonse ndizidzakufunsani mmene mwagonera."